Mayunitsi akutha msanga kunyumba kwanga, wakuba ndi ndani?

Amake Mapasa:
Moni nonse pagulu pano. Ndabwera ndi nkhani yomwe yatsala pang'ono kutiyambanitsa m'nyumba. Kuyambira kale timagula mayunitsi 300 a magetsi ndipo amatifikitsa kumapeto kwa mwezi, nthawi zina n'kutsalako. Miyezi iwiri yapitayi akumatha pa tsiku la 18 kapena la 19. Sitinagule chipangizo chatsopano, mlendo sanabwere, tilipo asanu omwe aja. Bambo a kunyumba anagamula kale mlandu: akuti ndi ana, chifukwa amasiya machaja pakhoma ndiponso amaiwala kuthimitsa getsi la kubafa. Ndiye madzulo aliwonse amazungulira nyumba ngati mlonda, kuzula machaja, kuthimitsa mababu. Dzana anandithimitsira ineyo ndili m'bafa, sopo ali kumaso. Koma mayunitsi akuthabe chimodzimodzi. Alipo amene zinamuchitikirapo?

Mnyamata wa Lendi:
Pepani amayi, koma ya sopo kumasoyo ndaseka mpaka misozi. Bambowo ndi ofanana ndi alandilodi anga. Iwo akaona getsi layaka kwanga ikakwana 10 koloko usiku amagogoda.

Madala Opuma Ntchito:
Mai, bambowo sakulakwa. Ana a masiku ano sadziwa kuti magetsi amagulidwa. Foni iliyonse ili ndi chaja chake, ndipo zonsezo zili pakhoma usana ndi usiku. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Waya Wofiira:
Madala, mwambiwo ndi woona, koma tiyeni tiyambe tauyeza mtolowo tione kulemera kwake. Ine ntchito yanga ndi yamagetsi, ndipo milandu ya machaja ndaimvapo m'nyumba zambiri.

Yunitsi imodzi ndi mawati 1000 ogwira ntchito kwa ola limodzi. Chipangizo chilichonse chili ndi kachikwangwani, pansi kapena kumbuyo, pomwe analembapo nambala yotsatana ndi chilembo cha W. Muchulukitse nambalayo ndi maola amene chimayaka, mugawe ndi 1000, mwapeza mayunitsi. Chaja ya foni ya masiku ano ikakhala pakhoma popanda foni siidya kufika theka la wati imodzi. Ngakhale titati ndi theka lenilenilo, mwezi wonse wa maola 720 ndi mayunitsi 0.36. Kuwiritsa ketulo yodzaza malita awiri kumadya pafupifupi 0.2. Ndiye kuti bambowo akamwa tiyi kawiri ketulo ili yodzaza, adya kale zimene chaja ya mwana imadya mwezi wathunthu.

Amake Mapasa, inu kale munkadya mayunitsi 10 patsiku, pano mukudya pafupifupi 17. Asanu ndi awiri owonjezerawo machaja sangawakwanitse ngakhale mutakhala nawo 100. M'nyumba, chimene chimameza magetsi ndi chimene chimatentha: giza, kuka, uvuni, ketulo, ayironi, hita. Muli ndi ziti mwa zimenezi?

Amake Mapasa:
Achimwene, tili ndi giza ya malita 150 kudenga, kuka ya mapuleti anayi ndi uvuni wake, ketulo, ayironi, firiji imodzi, TV ndi dekoda. Mababu tinasintha chaka chatha, onse ndi a LED. Koma zonsezi zinalipo kale, n'chifukwa chake ndasokonezeka.

Waya Wofiira:
Chabwino. Ngati zinthu ndi zomwezo ndipo anthu ndi omwewo, ndiye kuti chimodzi mwa izo chadwala. Musagule kalikonse, musakalipire aliyense. Usiku uno, pogona, mulembe nambala ya pa mita ndi nthawi yake. Zonse muzisiye mmene mumazisiyira masiku onse. M'mawa, munthu asanayatse ketulo kapena kutsegula mpopi wa madzi otentha, mulembenso. Mawa usiku muchite chimodzimodzi koma giza mutaithimitsa pa bokosi la maswichi. Mubwere ndi manambala anayiwo.

Aphunzitsi a Sayansi:
Ndiwonjezereko kanthu kamene ana angakonde, poti ndi iwo akuimbidwa mlandu. Mamita ambiri ali ndi kagetsi kofiira kamene kamaphethira, ndipo pambali pake pamalembedwa nambala, kawirikawiri 1000 imp/kWh. Tanthauzo lake n'lakuti kakaphethira ka 1000, yunitsi imodzi yapita. Pa mita yotereyi, ngati kakuphethira pa masekondi 3.6 alionse, nyumba ikukoka mawati 1000 pa nthawi imeneyo. Ngati pakudutsa masekondi 36, ndi mawati 100 okha. Muwapatse mapasawo wotchi, mmodzi aziyatsa zinthu chimodzichimodzi, wina aziwerenga. Akayatsa babu sadzaona kusintha kwenikweni. Akayatsa ketulo, kagetsiko kadzayamba kuthamanga ngati mtima wa munthu amene wakumana ndi galu wolusa. Ndinachita zimenezi ndi ana anga ndipo kuchokera tsiku limenelo ndi iwo amene amandikalipira ndikadzaza ketulo pofuna kapu imodzi.

Madala Opuma Ntchito:
Koma zothimitsa gizazo ine sindigwirizana nazo. Ndinamva kalekale kuti giza ukaithimitsa madzi amazizira, ndiye poyatsanso imadya magetsi ambiri kuposa ikanangokhala yoyaka. Chimodzimodzi mababu: kuyatsa ndi kuthimitsa pafupipafupi ndiye kumatha magetsi.

Aphunzitsi a Sayansi:
Madala, nkhani imeneyi ndi yofala kwambiri, koma masamu amaikana. Taganizirani ndowa yobowoka pansi. Ikakhala yodzaza mpaka m'milomo, madzi amatuluka mwamphamvu. Akachepa, amatuluka pang'onopang'ono. Giza nayo imataya kutentha kudzera m'makoma ake ndi m'mapaipi, ndipo imataya kwambiri pamene madzi ali otentha kwambiri. Mukaithimitsa, madzi akamazizira kutayako kumachepa. Poyatsanso imangobwezera kutentha kumene kunatayika, ndipo kumeneko sikungapose kumene ikanataya ili yoyaka nthawi yonseyo. Chimene chimanyenga anthu n'chakuti poyatsanso elementi, chitsulo chotenthetsa madzi chija, imagwira ntchito nthawi yaitali kamodzin'kamodzi, pomwe ikakhala yoyaka imangoba pang'onopang'ono inu osaona.

Komabe ndisanamize gulu: phindu la kuthimitsa si lalikulu monga ena amanenera, makamaka ngati giza ndi yokutidwa bwino ndipo mwangoithimitsa maola ochepa. Magetsi ambiri amapita potenthetsa madzi amene mwagwiritsa ntchito. Kukweza lita imodzi ya madzi ndi digiri imodzi kumafuna mphamvu yokwana majulo pafupifupi 4200. Malita 150 kuwachotsa pa madigiri 20 kuwafikitsa pa 60 ndi mayunitsi 7, kaya muchite bwanji. Ndiye wosamba mphindi 20 akuimba nyimbo m'shawa ndi amene ali ndi mlandu waukulu kuposa woiwala swichi.

Za mababu, mphamvu yowonjezera imene amakoka poyaka ndi ya kanthawi kosakwana sekondi. Mukatuluka m'chipinda thimitsani basi.

Madala Opuma Ntchito:
Aphunzitsi, ndamva. Ya ndowayo yandigwira. Koma ndiye bwanji osangotsitsa giza kufika pa madigiri 40, poti munthu sasamba madzi owira?

Waya Wofiira:
Ayi madala, pamenepo musatero. Muli tizilombo totchedwa Legionella timene timaswana bwino m'madzi ofunda, pakati pa madigiri 20 ndi 45. Munthu akapuma nthunzi ya madzi otere m'shawa angadwale chibayo choopsa. Dzinalo linachokera pa zimene zinachitika mu 1976, pamene anthu ambiri anadwala ndipo ena anamwalira atapita ku msonkhano wa American Legion, bungwe la asilikali akale a ku America, mumzinda wa Philadelphia. N'chifukwa chake madzi osungidwa mu giza amayenera kufika madigiri 60. Ndimapeza nyumba zina thermostat, kachipangizo kolamulira kutentha kwa madzi, ili pa 70 kapena 75, kumeneko ndiye kuwononga, ndiponso mwana angapse. Ikani pa 60. Ndipo chivundikiro cha thermostat musatsegule magetsi asanathimitsidwe pa bokosi. Kudenga kuli mdima, pali madzi, pali mawaya.

Kadziwotche:
Inu mukuvutikiranji ndi masamu onsewa? Pali anyamata amadziwa kudumphitsa waya kuseri kwa mita, nyumba yonse n'kumayaka ulele. Ofuna andipeze kumbali.

Woyang'anira Gulu:
A Kadziwotche, zimenezo pano ayi. Kumeneko ndi kuba, ndipo waya wolumikizidwa mwachinyengo ndi amene amayatsa nyumba anthu ali m'tulo. Mukabwereza ndikutulutsani.

Achemwali Osoka:
Ine ndilankhuleko za ayironi poti ndimakhala nayo tsiku lonse. Yanga ndi ya mawati 2000, koma siidya 2000 nthawi yonse. Mukamvetsera mumamva kakuti "tha", kagetsi n'kuzima, ndiye kuti yafika pa kutentha kwake ndipo yapuma. Imadya kwambiri poyambira, ikamachoka kozizira. Kunyumba kwathu kale aliyense ankasita malaya ake m'mawa, wina 5 koloko, wina 6 koloko, wina pomwe akutuluka. Ayironi imodzi kutenthetsedwa kanayi. Pano timasita za sabata yonse Lamlungu madzulo. Ndimayamba ndi nsalu zopyapyala ayironi isanatenthe kwambiri, kenako zokhuthala, ndipo ndikatsala ndi timipango ndi zovala za ana ndimazula pulagi n'kumalizira ndi kutentha kotsalako. China, zovala ukaziyanika bwino, utazikutumula n'kuziwongola zili zonyowa, zina sizifunanso ayironi.

Amake Mapasa, muonenso labala wa chitseko cha firiji. Mutsekere pepala pachitseko, mulikoke. Likatuluka mosavuta, labalayo watha ndipo firiji ikulira usiku wonse. Yanga inandichita zimenezo.

Mnyamata wa Lendi:
Firiji ine ndimangoithimitsa usiku, ndimayatsa m'mawa. Vuto lili pati?

Waya Wofiira:
Vuto lili m'mimba mwako, mphwanga. Firiji imayenera kukhala pakati pa madigiri 3 ndi 5, ndipo mbali youmitsa pa madigiri 18 pansi pa ziro. Magetsi akazima, firiji yotseka imasunga chakudya bwino kwa maola anayi okha. Iwe ukuithimitsa maola asanu ndi atatu usiku uliwonse, chakudya chikufunda n'kuziziranso, kufunda n'kuziziranso. Zimene ukupulumutsa n'zochepa, chifukwa m'mawa injini yake imalimbana kubwezera kuzizira konse kuja. Tsiku lina udzapereka kuchipatala zonse unasunga.

Ukafuna firiji idye pang'ono, isunthe isagundane ndi khoma kuti mpweya uzidutsa kumbuyo, isakhale pafupi ndi kuka kapena padzuwa, upukute fumbi pa timapaipi takumbuyo, usaikemo chakudya chikadali chotentha, ndipo madzi oundana akakhuthala kuposa theka la sentimita uwasungunule. Osawagoba ndi mpeni. Mafiriji amene ndawaona atabooledwa ndi mpeni ndi ambiri kuposa amene anafa ndi ukalamba.

Mnyamata wa Lendi:
Ndamva akulu, ndasiya. Koma vuto langa lenileni ndi lina. Tili mabanja atatu pa mita imodzi ndipo timasonkha mofanana. Ine ndili ndi mababu awiri, laputopu, kafiriji ndi fani. A khomo loyandikana nalo ali ndi hotipuleti ya mapuleti awiri imene imayaka kuyambira m'mawa, ndipo nyengo yozizira amaiyatsa kuti aziwotha. Mayunitsi akatha, onse amayang'ana ine chifukwa ndimagona mochedwa getsi likuyaka.

Aphunzitsi a Sayansi:
Tiye tikuwerengere, ukawaonetse. Mababu awiri a LED a mawati 9 kwa maola 8 ndi mayunitsi 0.14. Laputopu ya mawati 50 kwa maola 6 ndi 0.3. Fani ya mawati 60 usiku wonse wa maola 8 ndi pafupifupi theka la yunitsi. Kafiriji tingoti yunitsi imodzi patsiku. Zonse pamodzi sizikufika mayunitsi awiri. Puleti imodzi ya hotipuleti imakhala ya mawati 1000 mpaka 1500, ndiye ikayaka mwamphamvu maola awiri okha yakupitirira kale. Getsi limaoneka pawindo, hotipuleti siioneka, n'chifukwa chake mlandu umagwera iwe. Njira yothetsera mkangano ndi kamita kakang'ono ka khomo lililonse. Ukakambe ndi alandilodi mwaulemu, pepala la masamu lili m'manja.

Madala Opuma Ntchito:
Pa mababu ndivomereze kuti ndinali wouma mutu. Ndinkakana a LED chifukwa pogula ndi okwera mtengo, ndipo kuwala kwa ena kunkandikumbutsa kuchipatala. Mdzukulu wanga ndi amene anandiwerengera. Panja ndinali ndi mababu awiri akale a mawati 100, oyaka maola 12 usiku uliwonse. Mayunitsi 72 pamwezi, kuunikira bwalo lopanda munthu! Ataika a LED a mawati 15 zinatsika kufika pa 11. Anandipezeranso owala mofiirira ngati akale aja, pabokosi palembedwa 2700K. Babu lakale lija ukaligwira limawotcha, kusonyeza kuti magetsi ambiri ankangosanduka moto.

Aphunzitsi a Sayansi:
Ndi zoona madala, pafupifupi magawo 90 pa 100 alionse a magetsi a babu lakale amasanduka kutentha, kuwala n'kochepa chabe. Limakhalanso maola pafupifupi 1000 basi, pomwe la LED labwino limafika 15,000 kapena kuposa. Pogula musamayang'ane mawati okha, muziyang'ana ma lumen, muyeso wa kuwala: babu lakale la mawati 60 limatulutsa ma lumen pafupifupi 800, ndipo la LED limatulutsa omwewo ndi mawati 8 mpaka 10. Amene anatsegula njira ndi akatswiri atatu ochokera ku Japan, Isamu Akasaki, Hiroshi Amano ndi Shuji Nakamura, omwe anapanga LED yowala mobiriwira ngati thambo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Popanda imeneyo kuwala koyera kwa mababu a LED sikukanatheka. Analandira mphoto ya Nobel mu 2014.

Koma pali msampha. Mlamu wanga atasintha mababu anati poti ndi osadya magetsi, anawonjezera ena asanu ndi atatu kuzungulira mpanda, ndipo sathimitsanso masana. Katswiri wina wa zachuma wa ku England, William Stanley Jevons, anaona khalidwe limeneli kale mu 1865: makina atayamba kudya malasha ochepa, dziko linayamba kuwotcha malasha ambiri kuposa kale. Mlamu wanga sanamumvepo Jevons koma akumutsatira mokhulupirika.

Achemwali Osoka:
Aphunzitsi, mlamu wanuyo asaone uthengawu!

Za kukhitchini palibe wanenapo. Poto azivundikiridwa, ndipo akhale wolingana ndi puleti, chifukwa kapoto kakang'ono pa puleti yaikulu ndiye kuti mukuphika mpweya. Pansi pa poto pakhale posalala, osati popindika. Zinthu zikawira tsitsani moto, madzi owira satenthanso kuposa pamenepo ngakhale muwonjezere bwanji. Puleti yachitsulo imasunga moto, ndiye ndimathimitsa kutatsala mphindi zisanu kuti zipse. Zouma zochedwa kupsa ndimaziviika usiku, m'mawa ndimaziwiritsa pang'ono, kenako poto yense ndimamukulunga m'bulangete lakale n'kumuika m'dengu. Pofika masana zafewa zokha, mita ili phee. Uvuni ndiye ndimauopa. Kuyatsa chiuvuni chonse chifukwa cha kambale kamodzi ndi tchimo.

Amake Mapasa:
Ndabwera nawo manambala aja. Usiku woyamba, kuyambira 10 koloko mpaka 5 koloko m'mawa, tonse tili m'tulo, mita inadya mayunitsi 3.1. Usiku wachiwiri, giza titaithimitsa, inadya 0.6 basi. Bambo anawerenga okha ndi tochi kawiri konse chifukwa sanandikhulupirire. Firiji ndayesa ndi pepala, labala ali bwino.

Waya Wofiira:
Wakuba wapezeka, ali kudenga. 0.6 ija ndi firiji, mababu apanja ndi dekoda, palibe chodandaulitsa. Koma giza kudya 2.5 m'maola asanu ndi awiri popanda wotsegula mpopi, n'zosayenera. Yabwinobwino ya kukula kumeneko imataya mayunitsi awiri kapena kuposerapo pang'ono pa tsiku lonse lathunthu. Pali ziwiri: mwina thermostat yafa ndipo elementi siikupuma, kapena madzi otentha akutuluka penapake ndipo ozizira akulowa m'malo mwake usiku wonse. Kodi madzi akumatentha mopitirira muyeso masiku ano? Ngati ayi, muyatse giza, mudikire, kenako muzungulire nyumba. Pali kapaipi kochokera kudenga kotulukira panja. Mukaone ngati kakutulutsa madzi, ndipo muwakhudze mosamala.

Amake Mapasa:
Achimwene, mwalasa! Kapaipiko kali kuseri kwa bafa, komwe sitipitapitako. Madzi akutuluka ngati ulusi, osaleka, ndipo ndi otentha. Pansi pamera udzu wobiriwira bwino, chikhalirecho mvula inasiya kalekale. Ndinatchera ndowa ya malita 20, yadzaza m'maola atatu ndi mphindi zochepa. Mwana wanga wamkulu akuti anauona udzuwo mwezi watha koma ankaganiza kuti ndi mmene zimakhalira.

Aphunzitsi a Sayansi:
Ndiye kuti pafupifupi malita 6 pa ola, pa tsiku malita 150. Giza yathunthu kutenthetsedwa n'kuthiridwa pa udzu tsiku lililonse. Mukumbukire ndinati malita 150 ndi mayunitsi 7? Ndi omwe aja a Waya anati akusowa. Akuluakulu anati umanena chatsitsa dzaye kuti njovu ithyoke mnyanga. Muyembekezerenso bilu ya madzi, chifukwa malita 4500 pamwezi sanapite ulele.

Mnyamata wa Lendi:
Bwanji osangotseka kapaipiko ndi chitsekerero, nkhani ithe?

Waya Wofiira:
Usayerekeze! Kapaipi kameneko kamachokera pa valavu yoteteza giza. Kutentha kapena mphamvu ya madzi ikapitirira, valavuyo imatsegula kuti thanki isaphulike. Kukatseka ndi kuika bomba pamwamba pa chipinda chogona ana. Kudontha pang'ono pamene madzi akutenthetsedwa n'kwachibadwa, poti madzi akatentha amafufuma. Koma kuyenderera kosaleka, kotentha, ndiye kuti valavu yatha kapena mphamvu ya madzi olowa yakwera kwambiri.

Amake Mapasa, giza ikhale yothimitsa mpaka abwere pulambala wodziwa ntchito. Asinthe valavu, aonenso valavu yochepetsa mphamvu ya madzi, ndipo ali kudenga komweko ayese thermostat n'kuiika pa 60. Mumupemphe akutirenso mapaipi a madzi otentha, makamaka mamita awiri oyambirira kuchoka pa giza. Pakali pano osamba azitenthetsa madzi ochepa mu ketulo.

Madala Opuma Ntchito:
Nanga bambo aja akuti chiyani tsopano? Ndikufunsa chifukwa ndinawaikira kumbuyo poyamba paja.

Amake Mapasa:
Madala, bambo anaima pa udzu uja nthawi yaitali manja ali m'chiuno, osayankhula. Kenako anati, "Komabe machaja azizulidwa." Mapasa akufuna chipepeso cholembedwa, ndipo atenga kale wotchi, akuti madzulo ano akayeza ayironi ya bambo awo pa kagetsi ka mita kaja. Pulambala akubwera mawa m'mawa. A Waya, ndimuuze agule valavu yanji, kapena ayambe waiona kaye yakaleyo?

Waya Wofiira:
Ayambe waiona. Pa valavupo pamadindidwa nambala ya mphamvu yake, ndipo iyenera kufanana ndi yolembedwa pa chikwangwani cha giza. Muijambule munditumizire asanapite kukagula.